Ana Savota: Kuunika Ndondomeko za Boma Zisanafike pa Mwana



Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalimo anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali asanakwanitse zaka 18. Ndiye kuti anthu ambiri amene boma la Malawi limawalamulira savota. Sapita kukhoti kukatenga chiletso, saguba mumsewu, alibe bungwe loopseza sitalaka, ndipo phungu akabwera kudzacheza ndi anthu ake, iwo amaimba nyimbo zomulandira kenako n'kuuzidwa kuti akasewere. Chimene akuluakulu tagwirizana, iwo amangolandira. Nkhani yanga lero ndi ya ntchito imodzi imene sitinaizolowere: kukhala pansi, boma lisanasaine lamulo kapena ndondomeko, n'kufufuza kuti chinthuchi chikachoka ku Capital Hill chidzam'peza bwanji mwana wa ku Nsanje, wa ku Chitipa, wa mu Ndirande, ndipo ndi mwana uti amene chidzam'pweteke.

Kuunika kotere tikukudziwa kale, kungoti timachitira mitengo ndi mitsinje. Chiyambire 1996 tili ndi lamulo loti wofuna kumanga damu, kutsegula mgodi kapena kulambula msewu waukulu ayambe waunika zimene ntchitoyo idzawononge pa chilengedwe. Lipoti limalembedwa, anthu a m'deralo amafunsidwa, ndipo chilolezo chikhoza kukanidwa. Mtsinje uli ndi lamulo louyankhulira. Koma boma likhoza kutseka sukulu zonse, kuthetsa mayeso, kusintha chiyankhulo chophunzitsira m'kalasi, popanda chilichonse cholikakamiza kuika patebulo lipoti longa limenelo lonena za ana.

Pa mapepala tinavomera kalekale. Pangano la United Nations la maufulu a ana linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo Malawi analowamo mu 1991. Panganolo limafuna kuti pa chiganizo chilichonse chokhudza ana, ubwino wa mwana uzikhala patsogolo, komanso kuti mwana azimvedwa pa nkhani zomukhudza. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino likunenanso za ubwino wa mwana womwewo. Komiti yoyang'anira panganoli, imene imakumana ku Geneva, inauza maiko mu 2003 kuti mawu amenewa sangagwire ntchito pokhapokha boma liziunika malamulo ndi bajeti zisanadutse ndiponso zitadutsa. Ena anamva. Dera la Flanders ku Belgium linali litayamba kale mu 1997 kufuna lipoti lotere pa mabilu okhudza ana, ndipo Wales anakhazikitsa lamulo mu 2011 lokakamiza nduna kuganizira maufulu a ana pa zimene zikuchita. Sindikuti kumeneko zonse zili bwino. Ndangowatchula kuti tidziwe kuti ndi ntchito yotheka.

Chimene chimasiyanitsa mwana ndi ife akuluakulu pa nkhaniyi ndi nthawi. Boma likalakwitsa pa msonkho wa amalonda, chaka chamawa likhoza kukonza, ndipo wamalondayo adzabweza zimene anataya. Mwana sakhala ndi zaka zisanu ndi chimodzi kawiri. Thupi ndi ubongo wake zimamangidwa kwambiri kuyambira ali m'mimba kufika zaka ziwiri, ndipo akapinimbira pa nthawi imeneyo, chakudya chimene mudzam'patse ali ndi zaka khumi sichidzabweza zonse. Akadutsa sitandade 1 ndi 2 osadziwa kuwerenga, makalasi otsatirawo amangomukulira. Mtsikana akakwatiwa ali ndi zaka 15, lamulo labwino lobwera patatha zaka zitatu limam'peza ali ndi mwana kumsana. N'chifukwa chake kuunika kwa pambuyo, kuja timakonda kuchita pulojekiti ikatha, kumathandiza ana obwera m'mbuyo okha. Amene ndondomekoyo inawadutsa, inawadutsa.

Tiyeni tibwerere ku 1994. Boma la Bakili Muluzi litangolowa, linakwaniritsa lonjezo lake la pulayimale yaulere patangotha miyezi yochepa. Ana a sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ndinene poyera kuti chinali chiganizo chabwino, mwina chabwino koposa zonse zimene dziko lino lachitira ana osauka. Ena mwa inu muli m'chipinda chino mukulemba ndi kuwerenga chifukwa cha chiganizo chimenecho. Fizi inkaoneka yochepa kwa munthu wa pantchito, koma ana oposa miliyoni amene anatulukira sukulu itangokhala yaulere anatisonyeza kuti inali mpanda wautali.

Koma walira mvula walira matope. Anawo anafika, makalasi kunalibe, mabuku kunalibe, aphunzitsi kunalibe. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 mwachangu, ambiri osapitako ku koleji, n'kuwaphunzitsa masabata awiri kapena atatu basi, kenako n'kuwapatsa choko. Maphunziro enieni a aphunzitsi amenewa anadzayamba patapita zaka. Ana anakhala pansi pa mitengo, mvula ikagwa sukulu yaweruka. Kalasi ya sitandade 1 ya ana oposa 100 inasanduka chinthu wamba, ndipo mpaka lero sitidabwa nayo, chikhalirecho mlingo wa boma lenilenilo ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Chimene tinkawerenga ndi mitu yolowa pageti. Owerengeka okha ndi amene ankafunsa kuti mwa olowawo ndi angati akufika sitandade 8, ndipo mwa ofikawo ndi angati angawerenge kalata yochokera kwa amalume awo ku Johannesburg. Pamene mayeso ofananitsa maiko a kuno kummwera ndi kummawa kwa Africa anayamba kutuluka, ana athu a sitandade 6 ankapezeka chakumunsi kwenikweni pa kuwerenga ndi masamu. Pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyamba inadzayamba mu 2016, patadutsa zaka 22.

Wina anena kuti tikanadikira kuti zonse zikhale m'malo, sukulu yaulere sikanayamba n'komwe. Ndikuvomereza. Kuunika sikutanthauza kuimitsa chinthu chabwino. Kukanangotiuza zinthu zimene mphunzitsi wamkulu aliyense wa kumudzi akanatiuza mwaulere: kuti khamu lalikulu lidzagwera sitandade 1, kuti mphunzitsi waluso ayenera kupita kumeneko osati ku sitandade 8 kokha kumene kuli mayeso, kuti sukulu zikasowa ndalama zidzabweza fizi ija pakhomo la kuseri n'kuitcha ndalama ya chitukuko, ya mlonda, ya lipoti, ya mayeso oyeserera. Zonsezi zinachitika, ndipo mwana wobwezedwa kunyumba chifukwa cha ndalama ya chitukuko samva kusiyana kwake ndi fizi.

Chitsanzo chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha mu 2020. Pa 23 March chaka chimenecho sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, dziko lino lisanalengeze ngakhale munthu mmodzi wodwala matendawa. Mu April boma linafuna kuti anthu onse abindikire m'nyumba masiku 21. Akuluakulu anathamangira kukhoti, amalonda anachita zionetsero m'misika, ndipo bwalo lalikulu la milandu linapereka chiletso. Chifukwa chake chinali chomveka: munthu wodya za tsiku lomwelo simungamutsekere m'nyumba osam'patsa chakudya. Misika inapitirira. Misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 June inkadzaza mabwalo. Koma sukulu zinakhalabe zotseka kufikira September, makalasi ena mpaka October. Akuluakulu tinadziteteza ndi maloya, ndipo chiletso chimene chinatsala chinagwera anthu okhawo amene analibe loya.

Sindikuweruza amene anatseka sukulu. Matenda anali achilendo, dziko lonse lapansi linali ndi mantha, ndipo maiko ambiri anachita chimodzimodzi. Funso langa ndi lakuti miyezi isanu ija ndani anapatsidwa ntchito yofunsa kumene anawo ali. Sukulu si malo ophunzirira okha. Kwa ana ambiri ndi kumene kuli phala la m'mawa. Kwa mtsikana wa zaka 14, yunifolomu ndi imene imauza mudzi kuti uyu ndi mwana. Maphunziro a pa wailesi ndi a pa intaneti analengezedwa, koma m'dziko limene kalembera anapeza kuti banja limodzi lokha pa khumi, kapena kuposerapo pang'ono, ndi limene limayatsa magetsi, intanetiyo inali ya ana a ndani? Boma lenilenilo litafufuza, linalengeza kuti atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja m'miyezi imeneyo. Ena akanatenga mimba ngakhale sukulu zikanakhala zotsegula, poti vutoli ndi lakale, koma palibe mfumu kapena namwino amene anadabwa ndi nkhaniyi. Chimene aliyense akanatha kulosera mu March tinadzachiwerenga chaka chikupita kumapeto.

Ndipo sukulu ndi imene timayamba kuigwira nthawi zonse. Kolera itavuta mu January 2023, sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Namondwe wa Freddy atawomba mu March chaka chomwecho, anthu othawa madzi ndi matope anasungidwa m'makalasi. Kunalibe kwina kowaika, inde. Koma kusefukira kwa madzi ku Chikwawa ndi Nsanje si mlendo, ndipo ngati pulani yathu ya ngozi chaka ndi chaka ndi yoti kalasi isanduke msasa, ndiye kuti tinagwirizana kale, mosalemba, kuti mwana wa ku Shire Valley aziphunzira masabata ochepa kuposa mnzake wa ku Mzuzu, kenako onse alembe mayeso amodzi.

Tsopano ndikuuzeni za kafukufuku wina amene anachitikira kwathu konkuno, amene akatswiri a zachuma m'maiko ambiri amamudziwa kuposa ife eni ake. Mu 2008 ndi 2009, m'boma la Zomba, ofufuza atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anatsatira atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22. Mabanja ena ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha mtsikanayo azipita kusukulu mosajomba. Ena ankalandira ndalamazo popanda lamulo lililonse. Ena sankalandira kanthu, kuti pakhale poyerekezera. Amene ankalandira ndi lamulo anakhalitsa pasukulu kuposa enawo, monga mmene aliyense akanaganizira. Chodabwitsa chinali kwina. Maukwati ndi mimba zinachepa kwambiri pakati pa amene ankalandira popanda lamulo. Chifukwa chake n'chakuti m'gulu la lamulo lija, mtsikana akangosiya sukulu ndalama zinkaduka, ndipo zinkaduka pa nthawi yeniyeni imene iye ali pangozi yokwatiwa. M'gulu linalo, wosiya sukulu ankalandirabe, ndipo banja lake linalibe changu chomukwatitsa.

Taganizani bwino pamenepa. Ndalama ndi zomwezo, boma ndi lomwelo la Zomba, koma kachiganizo kamodzi, koti pakhale lamulo kapena pasakhale, kanathandiza mtsikana wina n'kutaya wina. Nduna yofunsa kuti kodi ndondomekoyi ndi yabwino kwa ana ikanayankhidwa kuti inde, pa njira zonse ziwiri. Funso lothandiza ndi lakuti yabwino kwa mwana uti, pa chiyani, ndipo amene yam'taya ndi ndani. Ofufuzawo anabwereranso patatha zaka ndalama zitasiya kuperekedwa, n'kupeza kuti zabwino zambiri zija zinali zitazilala. Chinatsala n'chakuti ana amene anabadwa kwa atsikana olandira popanda lamulo, pa nthawi imene ndalama zinkabwera, anali otalikirapo pa msinkhu wawo. Phindu linakatulukira mwa munthu amene sanali m'kaundula wa pulogalamuyo.

Mtukula Pakhomo nayenso watiphunzitsa zofanana. Anayamba ngati choyeserera ku Mchinji mu 2006, ndipo lero ali m'maboma onse, kuthandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ndi imodzi mwa ndondomeko zochepa zimene zinaunikidwa mozama, makamaka ku Salima ndi Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015. Anapeza kuti mabanja akudya bwinoko ndipo ana ambiri akupita kusukulu. Anapezanso kuti agogo akalandira ndalama n'kugula mbuzi ndi nkhuku, kapena kukuza munda, ntchito ya ana pakhomo imawonjezeka, chifukwa mbuziyo imafuna woidyetsa ndipo pakhomopo wamiyendo yolimba ndi mdzukulu. Izi sizikutanthauza kuti tisiye kupereka. Zikutanthauza kuti wopereka adziwe, ndipo mlangizi akamacheza ndi agogowo akhudzeko nkhani ya mbuzi ndi nthawi ya sukulu. Komanso popeza mabanja osankhidwa ambiri ndi a okalamba, makanda ndi ochepa mmenemo. Amene akuganiza kuti Mtukula Pakhomo yekha athetsa kupinimbira akuyang'ana pakhomo polakwika.

Za maukwati a ana tinachita bwino pa malamulo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inadutsa lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu February 2017 inasintha malamulo aakulu a dziko, amene ankalola ukwati wa zaka 15 makolo akavomera. Mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anali atayamba kale kuthetsa maukwati otere m'midzi mwawo. Panali chifukwa, poti kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike 18. Koma lamulo la zaka limaima pa umboni wa zaka. Pamene tinkalemba anthu a zitupa za unzika mu 2017, tinalemba a zaka 16 kupita m'mwamba, ndipo ana ambiri a m'midzi anakula opanda kalata ya kubadwa. Wapolisi akafika, makolo amati mwanayu ndi wamkulu, wangochepa thupi, ndipo nkhani imathera pomwepo. Mtsikana wochotsedwa kubanja nayenso amabwerera pakhomo pomwe paja pamene panalibe sopo ndi fizi. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka tili nayo chiyambire 1993. Mwana wake amusiyira ndani m'mawa, ndipo anzake ndi aphunzitsi ena akamamunena kuti mayi wabwera, akadandaule kwa yani? Mafunso amenewa amaoneka aang'ono m'chipinda cha nduna, koma ndi amene amagamula ngati lamulolo likhale lamoyo.

Pali gulu lina la ndondomeko zimene ndimaziopa kuposa zonsezi, zija zimene mulibe mawu oti mwana paliponse. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Akatswiri anakambirana za ndalama zakunja, za mafuta a galimoto, za ngongole. Pakhomo, zinthu zikakwera mtengo, nsima siyamba kuchoka. Zimayamba kuchoka ndi dzira, usipa, mafuta ophikira, nsinjiro, zomwe zija zimamanga thupi la mwana wa chaka chimodzi. Kenako pamachoka fizi ya mtsikana wa Fomu 2. M'zaka zaposachedwapa chiwongoladzanja cha ngongole za boma chakhala chikudya ndalama zambiri kuposa zimene timapereka ku zaumoyo, ndipo ngongole zenizenizo adzabweza ndi ana amene lero ali pa sikelo. Feteleza wotsika mtengo, chiyambire 2005, wakhala akutenga gawo lalikulu la bajeti ya zaulimi, ndipo mtima wake ndi chimanga. Chimanga chimachotsa njala, koma kafukufuku yemwe uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira.

Fodya ndi chimodzimodzi. Kwa zaka zambiri mwini esiteti ankapangana ndi tenanti mmodzi, bambo wa pabanja, koma ntchito imene ankayembekeza inali ya banja lonse, ndipo ana ankasoka fodya m'zigafa pa nthawi ya sukulu. Pa pepala mwanayo sanalembedwe ntchito ndi munthu aliyense. Tinkadziwa tonse. Zinatengera dziko la America kuyamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ake mu November 2019 kuti nkhaniyi ithamange, ndipo mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa kuthetsa utenanti. Zimandichititsa manyazi kuti amene anatiunikira ana athu anali wogula wa kutsidya la nyanja. Mowa wa m'masacheti nawo unaloledwa ngati malonda wamba, osaganiza kuti mowa wa mtengo wa switi, wolowa m'thumba la kabudula wa sukulu, adzagula ndani. Utaletsedwa, unabwerera m'timabotolo tija achinyamata amati midoli.

Ndisakusiyeni ndi maganizo oti sitingathe, chifukwa pali pamene tinatha. Mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanafike zaka zisanu. Pofika 2015 mpaka 2016 anali 63. Maiko ambiri olemera kuposa ife sanatsitse imfa za ana mofulumira chotero. Ku zaumoyo kunali chizolowezi chowerenga ana amene amwalira, chimene chawapha ndi kumene amwalirira, kenako n'kutumiza katemera, maneti ndi alangizi a zaumoyo kumeneko. Mu 2011 dziko lino linayamba njira yotchedwa Option B+. Malangizo a nthawiyo ankafuna kuti mayi woyembekezera amene ali ndi HIV ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi asanapatsidwe ma ARV a moyo wonse. Madokotala athu anayang'ana zipatala zathu zenizeni, n'kuona kuti makina oyezera ndi ochepa, zotsatira zimachedwa, ndipo pochedwapo khanda likutenga kachilombo. Anaganiza zongoyambitsa mankhwala mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka nako. Bungwe la WHO linadzatengera njirayi pambuyo pake. Kumeneko ndiye kuunika kumene ndikunena: kuyambira pa khanda la pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, n'kubwerera m'mbuyo kukafika pa ndondomeko.

Nanga anawo timawafunsa? Tili ndi nyumba za malamulo za ana ndi za achinyamata, ndipo si zoipa. Koma nthawi zambiri amene amaima pamenepo ndi mwana wochenjera wa pasukulu yabwino, atanyamula mawu a Chingerezi amene wamkulu wamukonzera, ndipo akamaliza timawomba m'manja n'kupita kukadya. Mwana amene tikufunika kumumva sabwera ku misonkhano yotere. Ali kudambo ndi ng'ombe, akugulitsa mandasi pa depoti, akupalasa kabaza, ali pakhomo chifukwa njinga yake ya olumala singakwere masitepe a kalasi. Kumufunsa kumafuna kupita kumene ali, m'chiyankhulo chake, mphunzitsi ndi kholo atatalikirako pang'ono. Mukatero mumamva zinthu zimene palibe fomu ya boma imazifunsa, monga zoti atsikana amajomba masiku ena a mwezi chifukwa chimbudzi chilibe chitseko. Ana a chi Rasta anakhala zaka akubwezedwa pa sukulu za boma chifukwa cha tsitsi, mpaka bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula mu May 2023 kuti aloledwe. Amene analemba lamulo la kumeta ankafuna ukhondo, sanafune kuthamangitsa mwana aliyense, koma panalibe amene anafunsa kuti ndani sangathe kulitsatira. Mayeso a JCE anathetsedwa ndi boma lina pofuna kupulumutsa ndalama, boma lotsatira n'kuwabwezeretsa. Achinyamata amene anadutsa Fomu 2 m'zaka za pakatipo n'kulekezera pa Fomu 3 alibe pepala lililonse la ku sekondale, ndipo mbali zonse ziwiri zinakangana nkhaniyi pamwamba pa mitu yawo.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Pepala lililonse lopita ku nduna za boma, ndi bilu iliyonse yopita ku Nyumba ya Malamulo, likhale ndi tsamba limodzi kapena awiri onena ana amene akhudzidwe, mowasiyanitsa: wa kumudzi ndi wa m'tauni, mtsikana ndi mnyamata, wolumala, wamasiye, wa ku msasa wa Dzaleka, wakhanda ndi wa zaka 17, popeza awiriwa sasowa zofanana. Tsambalo linene amene apwetekeke ndi chimene chikonzedwe kuti asapwetekeke, litchule tsiku limene tidzabwerenso kudzaona ngati tinalosera zoona, ndipo lisindikizidwe kuti atolankhani ndi makomiti a sukulu aliwerenge. Unduna wa zachuma ndi wa zaulimi ndi amene ayenera kuyamba, osati unduna woona za ana, umene umapatsidwa nkhani zonse za ana koma ndalama zochepa. Lamulo lokhazikitsa komishoni ya ana linadutsa mu 2019, ndipo kuwerenga masamba amenewa n'kuwabweza akakhala opanda kanthu ingakhale ntchito yake yoyenera. Ngozi ndikuiona, ndipo inunso mukuiona. Tikhoza kusandutsa zimenezi msonkhano wa masiku atatu kunyanja, ma alawansi n'kulandiridwa, lipoti lokongola n'kukakhala pa shelefu, kapena kalaliki n'kumangolemba pa bilu iliyonse kuti siikhudza ana. Mankhwala ake ndi phungu mmodzi wouma mutu amene angaimirire n'kufunsa nduna kuti mawu amenewo yawatenga kuti. Inu makhansala simufunikanso kudikira lamulo la ku Lilongwe. Pogawa ndalama za chitukuko cha dera, mukhoza kufunsa lero lomwe kuti mlathowo ukamangidwa apa osati apo, ndi ana angati adzawoloke popita kusukulu dzinja likafika.

Mayeso otsatira ali kale pakhomo, ndipo ndi nkhani ya sekondale yaulere. Ine ndikuifuna. Koma mafunso ake ndi odziwika, ndipo akufunika mayankho a manambala. Malo a Fomu 1 ndi ochepa poyerekeza ndi ana okhoza sitandade 8, ndiye fizi ikachoka pamene malo sanawonjezeke, wopindula ndi amene anasankhidwa kale, ndipo wosiyidwa ndi yemwe uja. Sukulu za CDSS, kumene kumapita ana ambiri a kumudzi, zakhala zikudalira ndalama za makolo pogula choko, kulipira mlonda ndi madzi. Boma lidzatumiza zingati pa mwana mmodzi, ndipo zidzafika mwezi uti wa teremu? Aphunzitsi a sayansi ndi masamu achokera kuti? Mtsikana wokhala makilomita 15 kuchokera pasukulu, amene amachita lendi kachipinda pa tredingi senta n'kumadziphikira yekha, ndani akumuyang'anira usiku? Ndipo ndalama zonsezi zikachotsedwa ku pulayimale, kalasi ya sitandade 1 idzakhala ndi ana angati?

Mayi wapampando, ndiima pamenepa. Pa nthawi ya mafunso ndipempha kuti muyambire kwa achinyamata amene akhala kumbuyoko.